Kwa achemwali a ku Nkhotakota: zimene mudzalipirebe m'sitima mutagula kale tikiti

Achemwali, mwati inu ndi bambo a kunyumba mwaona pa Facebook tikiti ya sitima yaikulu yonyamuka ku Durban kupita kugombe la Mozambique kwa masiku anayi, ndalama za ku banki m'khonde zakwana, ndiye mukufunsa ngati mukagula tikitiyo ndiye kuti mwathana nazo. Ndikuyankhani motalikitsa chifukwa ine ndi amuna anga tinayenda ulendo woterewu kuchokera kuno ku Salima, ndipo ndimalakalaka wina akanatikhazika pansi tisananyamuke.

Zolipira zina zilipo ndithu. Koma ndiyambe ndi zimene tikiti yakulipirirani kale, kuti mtima ukhale m'malo. Pogona mwalipira. Chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo mwalipira, kaya mudye kumalo odzigawira nokha kapena ku chipinda chachikulu chodyera kumene amakupatsani tebulo ndi wokuperekerani. Madzi akumwa, tiyi ndi khofi wamba za kumalo odzigawira kuja simulipira. Magule ndi zisudzo za usiku, maiwe osambiramo, malo a masewera olimbitsa thupi, zonsezi ndi zanu. Munthu atha kudya n'kukhuta, kusangalala masiku onse anayi, osagula kanthu ngakhale kamodzi.

Chimene chimagwetsa anthu ndi kakhadi kamene adzakupatseni pokwera. Inu a ku Nkhotakota Ilala mumaidziwa bwino. Ikaima patali, maboti n'kudzakutengani, mukafuna Fanta kapena nsima m'katimo mumamasula pamene mwamanga ndalama, kuwerenga, kupereka, kulandira chenji. Dzanja limamva kuti ndalama yatuluka. M'sitima zikuluzikuluzi ndalama za pepala sizigwira ntchito pogula zinthu. Khadi lija ndi kiyi wa chipinda chanu, ndi chiphaso chotsikira ndi kukwerera, ndiponso ndi chikwama chanu. Mukaitanitsa chakumwa, woperekera amangolitenga, kuligunditsa pa makina, kukubwezerani akumwetulira. Palibe chimene chachoka m'manja mwanu. Zonse zikungolembedwa pa bilu imene mudzaione pamapeto. Komanso ngakhale sitimayo ikunyamuka ku South Africa, mitengo ya m'katimo ili m'madola a ku America, osati m'marandi. Diso likaona 4 kapena 5 pambali pa dzina la chakumwa limaona kanambala kakang'ono. Ine ndinazolowera kuchulukitsa kanambalako m'makwacha m'mutu ndisanatsegule pakamwa, ndipo nthawi zambiri ndikatero ndinkapeza kuti kabotolo kamodzi n'chimodzimodzi mulu wabwino wa usipa pa gombe la Senga Bay.

Khadi lija muyenera kuliikira ndalama, ndipo njira ndi ziwiri: kulilumikiza ku khadi lanu la ku banki, kapena kuika madola a pepala ku desiki yolandirira alendo. Ife tinasankha madola a pepala, ndipo ndi zimene ndikukulangizani. Chifukwa choyamba, mukalumikiza khadi la ku banki amagwirirako ndalama zina ngati chikole, ndipo zimatenga masiku kuti azimasule mutatsika kale. Ngati ndalama zimenezo ndi zomwe mumadalira pobwerera kwathu, mudzasowa pogwira ku Durban. Chachiwiri, ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mabanki amaika malire pa zimene khadi lingagule kunja. Khadi litha kukanidwa muli pakati pa nyanja. Pitani ku banki kwanu msanga ndi pasipoti ndi tikiti, mufunse za malirewo ndi kupempha madola nthawi ikadalipo. Chachitatu, ndipo kwa ine ndi chachikulu, madola a pepala ndi mpanda. Akatha, khadi limasiya kugula mpaka mutapita nokha kukaonjezera. Otsala amakubwezerani.

Pali ndalama imodzi imene simungaizembe, yothokozera ogwira ntchito: okonza zipinda, operekera zakudya, otsuka mbale amene simudzawaona n'komwe. Amaiwerengera munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo pa sitima zambiri imakhala pakati pa madola 10 ndi 20. Tiyerekeze ndi madola 12. Anthu awiri, mausiku anayi, ndi madola 96 musanamwe ngakhale Fanta. Makampani ena amaiphatikiza pogula tikiti, ena amailemba pa bilu tsiku ndi tsiku, choncho funsani amene akukugulitsani tikitiyo akuuzeni molemba. Ine ndalama imeneyi sindidandaula nayo. Mtsikana amene ankakonza chipinda chathu anandiuza kuti watha miyezi yambiri osaona mwana wake. Ingoyenera kukhala mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Pofunsa zimenezo mufunsenso ngati mtengo mwauonawo ukuphatikiza msonkho wa pa doko ndi inshuwalansi. Mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu nthawi zambiri ndi wa munthu mmodzi, pamene muli awiri m'chipinda, ndipo ndi wa chipinda cha m'kati chopanda windo.

Tsopano zakumwa, pakuti ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Zoziziritsa kukhosi, madzi a m'botolo, juwisi wofinya, khofi wa pa makina, mowa ndi vinyo, zonse n'zolipira, ndipo pamwamba pa mtengo wolembedwa amaonjezerapo 15 peresenti kapena kuposa ya woperekera. Adzakutsatsani phukusi la zakumwa, loti mulipire kamodzi n'kumamwa mmene mungafunire. Limamveka bwino, koma lili ndi malamulo ake. Mumalipira masiku onse a ulendo, ngakhale tsiku limene mwaswera kugombe. Ndipo makampani ambiri salola kuti mmodzi yekha m'chipinda agule, akuluakulu onse ogona m'chipindamo ayenera kugula. Ngati bambo amamwa koma inu simumwa, ndiye kuti mukulipirira mowa wa anthu awiri pamene wakumwa ndi mmodzi. Tengani cholembera, gawani mtengo wa phukusi wa tsiku limodzi ndi mtengo wa chakumwa chimodzi, muone ngati mungamwedi zochuluka choncho tsiku lililonse. Ife tinawerengera, sizinatipindulire. Tinatenga mabotolo athu opanda kanthu, tinkadzaza madzi kumalo odzigawira chakudya pogwiritsa ntchito kapu, ndipo amuna anga ankagula mowa umodzi kapena iwiri madzulo. Ngati mwaona kuti phukusilo likukuyenerani, kugula musanakwere kumatsika mtengo kusiyana ndi kugula muli m'katimo. Za kubisa botolo m'chikwama musayese, katundu yense amadutsa pa makina ndipo amalanda. Kafiriji ka m'chipinda nakonso musakakhudze, zonse zili m'menemo n'zogulitsa.

Foni. Mukangokwera, ikani foni pa airplane mode ndipo isiyeni choncho. Sitima ikatalikira mtunda foni imagwira netiweki ya sitimayo yodzera pa setilaiti, ndipo mtengo wake ndi woopsa. Mlamu wanga, amene tinayenda naye, anasiya data yotsegula usiku woyamba, mauthenga ndi zithunzi za m'magulu zikungolowa, m'mawa anapeza mayunitsi onse amene anaika a ulendo wonse atatheratu. WiFi ya m'sitima ndi yogula, kawirikawiri pa foni imodzi imodzi. Ife sitinagule. Tinawauza ana ndi anthu a kumpingo kuti masiku anayi sitipezeka, zithunzi tidzatumiza tikafika ku Durban. Kunena zoona, masiku amenewo opanda foni ndi amene ndinapumula kwenikweni.

Ojambula zithunzi adzakutsatirani pokwera, patebulo la chakudya, ndi usiku umene aliyense amatchena. Kujambulidwa n'kwaulere, kukaona zithunzizo n'kwaulere, kutenga ndiye kolipira, ndipo chimodzi chokha mtengo wake ungakudabwitseni. Apa sindikuuzani kuti mukane zonse. Ife tinagula chimodzi, ine nditavala chitenje changa chosoketsa, amuna anga ali mu suti, ndipo chili pabalaza mpaka lero. Chimodzi chimenecho chikwanira. Zina zonse pemphani mnzanu wa paulendo akujambuleni ndi foni yanu.

Za kugombe. Maulendo afupiafupi ochokera ku Durban amakonda kuima pa Portuguese Island, kachilumba koyandikana ndi Inhaca pafupi ndi Maputo, kapena ku Pomene m'chigawo cha Inhambane. Kumeneko kulibe doko, sitima imaima patali ndipo maboti ndi amene amakutulutsani, monga momwe zimakhalira kwanuko. Boti lopita kumchenga simulipira, ndipo pa ulendo wathu chakudya cha masana kugombeko chinali cha mu tikiti. Zolipira ndi zoonjezera: kukaona nsomba pansi pa madzi, kukwera boti kupita ku Inhaca, mipando yogonera ya pamthunzi. Anthu ochokera m'mizinda yopanda nyanja amazithamangira. Inu ndi ine tinakulira pamchenga, titha kuyala chitenje pansi n'kusamba osalipira kanthu. Ngati mukufuna chimodzi choti mudzachikumbukire, sankhani chimodzi mukadali kunyumba n'kuchiikira ndalama yake pambali. Tenganinso timarandi tating'onoting'ono ta ogulitsa ziboliboli ndi nsalu kugombeko, iwo khadi la sitima salandira. Ndipo dziwani kuti mphepo ikakula woyendetsa sitima amaletsa kutsika. Inu mwera mumaudziwa, simudzadabwa nazo. Vuto lake n'lakuti tsiku limenelo anthu onse amaswera m'sitima osowa chochita, ndiye amagula.

Mashopu a mafuta onunkhira ndi mawotchi, malo osisita thupi, saluni, malo odyera apadera a nyama yowotcha kapena zakudya za ku Japan, zonsezi n'zolipira ndipo sindinalowemo kupatula kungoyang'ana. Kuchapitsa zovala amawerengera chovala chimodzi chimodzi, choncho tengani zokwanira ndi kasopo kochapira timene tingachapike pa sinki. Malo otchovera juga amatsegula sitima ikachoka pa doko, ndipo anawaika pamalo poti mumadutsapo popita kukadya kapena kukaonera zisudzo. Ndinaona bambo wina atakhala pa makina amodzi usiku wonse, mkazi wake ataima kumbuyo kwake osayankhula. Zinandimvetsa chisoni kwambiri. Mukambirane ndi bambo za nkhani imeneyi musanachoke ku Nkhotakota.

Chimene ndikufuna muchitenge mozama ndi chipatala. M'sitima muli dokotala ndi anamwino, koma si chipatala cha boma, kungomuona dokotala kokha ndi madola ambiri, mankhwala padera. Ife a m'mbali mwa nyanja malungo timayenda nawo m'thupi. Kayezetseni nonse awiri kutatsala masiku ochepa, kuti ngati alipo mumwe LA muli kunyumba. Tengani mankhwala anu a BP kapena shuga okwanira ulendo wonse ndi masiku ena oonjezera, Panado, ndi mapilitsi oletsa chizungulire ndi nseru, pakuti mafunde a Indian Ocean si ofanana ndi a nyanja yathu. Inshuwalansi ya paulendo musaione ngati kutaya ndalama. Werengani muone ngati ikulipira chipatala cha m'sitima ndi kukutulutsani mutadwala kwambiri.

Mwafunsa za m'sitima, koma ndingakulakwireni nditapanda kutchula ulendo wokafika ku Durban, umene kwa ife unadya ndalama zambiri kuposa tikiti ya sitimayo. Kuchoka ku Nkhotakota pa M5 kufika kuno ku Salima, kukwera M14 mpaka Lilongwe, ndege kuchokera pa Kamuzu International Airport kupita ku Johannesburg, ina kupita ku King Shaka, bwalo la ndege la ku Durban, kenako takisi ya makilomita oposa 30 kukafika kudoko. Basi yodzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge ndi yotsika mtengo koma ndi ulendo wa usana ndi usiku, ndipo pa Beitbridge simudziwa kuti mukhalapo maola angati. Mulimonse mmene mungayendere, fikani ku Durban tsiku limodzi sitima isananyamuke, ndiye muwerengere pogona ndi chakudya cha usiku umenewo. Sitima sidikira munthu, ndipo mukaiphonya tikiti yapita. Onaninso mapasipoti anu kuti akhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala.

Ndiye mutenge zingati? Kwa anthu awiri pa mausiku anayi, mutapatula ndalama yothokozera antchito ija, ine ndinganene madola 150 mpaka 200 ngati simumwa mowa ndipo mukufuna chithunzi chimodzi, zakumwa zingapo ndi kamphatso ka ana. Ngati bambo amamwa, kapena mukufuna WiFi ndi ulendo wolipira kugombe, wirikizani kawiri. Agaweni pa masiku anayi, mugwirizane malire a tsiku limodzi, ndipo madzulo aliwonse musanagone onani bilu yanu pa wailesi yakanema ya m'chipinda kapena ku desiki. Ife tsiku lachitatu tinapeza atatilembera zakumwa ziwiri zimene sitinaitanitse, ndipo atayang'ana anazichotsa mosavuta chifukwa tinali ndi timalisiti tathu tonse. M'mawa wa tsiku lotsika mzere wa ku desiki umakhala wautali kwambiri, aliyense ali ndi dandaulo lake, pamene basi kapena ndege ikukudikirani.

Mukalandira yankho la ogulitsa tikitiyo, lembani muno mtengo wonse ndi zimene akuti zilimo, tiwerengere limodzi musanapereke ndalama.