Kodi masaji angatsike mtengo popanda wosisitayo kugona ndi njala?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Leeds, ku Britain, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndaifupikitsa motere: "Anzanga ambiri misana inatha kale ndi kunyamula anthu. Masaji kuno ndi £50 kapena £60 pa ola, palibe angakwanitse. Ine ndinaphunzira kutikita minofu ndipo satifiketi ndili nayo. Ndikufuna kuyambitsa kagulu koti anthu azithandizidwa motchipa, mwina tidzawonjezere acupuncture ndi yoga. Wina wandiuza kuti ndilembetse CIC. Ndiyambire pati?"

Achemwali, zikomo polemba. Za CIC (Community Interest Company, kampani yokhazikitsidwa kuti ipindulitse anthu a m'dera) tifikako, koma musayambire kumeneko. Chikalata cha kampani sichitsitsa mtengo wa chilichonse. Chimene chimatsitsa mtengo n'chakuti pa ola limodzi mwathandiza anthu angati, ndipo lendi ya malo mukugawana ndi angati.

Amene anaiganizira bwino nkhaniyi ndi Lisa Rohleder ndi Skip Van Meter, omwe mu 2002 anayambitsa Working Class Acupuncture, malo ochitirako acupuncture (chithandizo chobaya timasingano m'thupi), mumzinda wa Portland, ku Oregon, m'dziko la America. Chimene chinkawawawa ndi chomwe chikukuwawani inu: anthu wamba a m'dera lawo sankakwanitsa mtengo wa chithandizo. Nthawi imeneyo wofuna kubayidwa timasingano ankapatsidwa chipinda chakechake, bedi lake, ndi katswiri wake kwa ola lathunthu. Iwo anachotsa zonsezo. Anatenga chipinda chimodzi chachikulu n'kundandalikamo mipando ya ndakhuta ndalema. Wodwala savula, amangopinda buluku kufika m'mawondo ndi malaya kufika m'zigongono. Katswiri amabwera, amafunsa monong'ona, amabaya timasingano m'manja, m'miyendo ndi m'mutu, kenako amapita kwa wina. Wobayidwayo amatsala phee, ambiri mpaka tulo. Mtengo anauika pakati pa $15 ndi $35, munthu n'kusankha yekha zoti alipire, popanda womufunsa kuti amalandira zingati. Njirayi inafalikira, ndipo mu 2011 panabadwa kopaletivu yotchedwa POCA, imene mamembala ake anali odwala pamodzi ndi akatswiri. Ku Britain nakonso kuli malo otere, amawatcha multibed clinic.

Kunena mwachidule, anasiya kuyendetsa takisi n'kuyamba minibasi. Aliyense akulipira zochepa, koma woyendetsa akupeza zokwanira chifukwa mipando yadzaza.

Tsono apa mpamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amakopera chitsanzochi osaona chinsinsi chake. Acupuncture imalola zimenezi chifukwa singano ikalowa, katswiri manja ake amamasuka. Masaji satero. Manja anu akakhala pamsana pa munthu mmodzi, ali pomwepo basi. Simungatikite anthu asanu nthawi imodzi. Mukangodula mtengo kuchoka pa £50 kufika pa £15 koma n'kumaperekabe ola lathunthu, ndiye kuti mukulipira chithandizocho ndi thupi lanu, ndipo zala ndi mapewa a wosisita zimatha msanga kuposa mmene anthu amaganizira.

Njira yanu ndi yofupikitsa nthawi. Pali mpando wa masaji wopindika, umene munthu amakhala chowerama, nkhope yake itatsamira pa kakhushoni koboola pakati, zovala ali nazo. Mafuta safunika, zochapa n'zochepa, ndipo pa mphindi 15 kapena 20 mwamaliza khosi, mapewa ndi msana. Tingoyerekeza: anthu atatu pa ola, aliyense £12, ndi £36. Chotsanipo lendi ya holo ya tchalitchi, inshuwalansi, mayendedwe, ndi anthu olembetsa amene sabwera. Chotsalacho ndiye malipiro anu. Chikakuchititsani manyazi, musatsegule kaye, konzani masamu.

Ndiye yoga mwaitchula ngati chinthu chodzawonjezera mtsogolo. Ine ndikanaiika patsogolo. Mphunzitsi mmodzi, anthu 15 pamikeka, holo yomweyo, ola lomwelo. Kalasi yotero ndi imene ingalipire lendi ya tsikulo, masaji n'kumachitikira pakona. Komanso umboni uli mbali yake. Bungwe la NICE, limene limalangiza NHS (zipatala za boma), mu malangizo ake a 2016 okhudza kupweteka kwa msana linalimbikitsa zolimbitsa thupi za pagulu, ndipo linati masaji aziperekedwa pokhapokha akuyendera limodzi ndi zolimbitsa thupizo. Malangizo omwewo anati acupuncture isaperekedwe pa vuto la msanali, ngakhale kuti mu 2021 NICE inalola kuti iyesedwe kwa anthu a ululu wokhalitsa wosadziwika gwero lake. Mukuona kuti nkhani yake si yophweka ngati mmene otsatsa malonda amainenera.

Ndalama zina zichokere kwa amene ali nazo. Makampani ena amalipira munthu wosisita kuti abwere ku ofesi tsiku limodzi, ndipo eni nyumba zosamalira okalamba, amene amadandaula antchito akamajomba chifukwa cha msana, ndi oyamba kuwagogodera. Awa muziwatchaja mtengo wonse, osachita manyazi. Phindu la kumeneko ndilo lotsitsa mtengo wa Loweruka ku holo. Bizinesi yothandiza anthu tanthauzo lake ndi limeneli: imagulitsa ndithu, koma phindu limabwerera ku cholinga.

Za mtengo wosankha wekha, ikani malire a pansi omveka, mwachitsanzo £10 mpaka £25, ndipo alembedwe pakhomo. Mukangoti "perekani zimene muli nazo" anthu athu amachita manyazi, ena sabweranso. Enanso, tisabisane, adzati "mlongo, ndidzakuonani mwezi ukatha" ndipo mudzakumana nawo ku tchalitchi sabata iliyonse. Bokosi kapena kamakina ka khadi kakhale patebulo la pakhomo, ndipo wolandira ndalama asakhale inuyo wosisita.

Tsopano CIC. Mtundu wa kampani umenewu unayamba mu 2005. Mumalembetsa ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndi fomu ya CIC36, pomwe mumafotokoza gulu la anthu limene mudzapindulitse, ndipo chaka chilichonse mumapereka lipoti la zimene mwachita. Katundu ndi ndalama za kampaniyo zimakhala zomangidwa: ikatsekedwa simungagawane zotsalazo, zimapita ku bungwe lina lothandiza anthu. Ubwino wake kwa inu ndi wakuti dayilekitala atha kulandira malipiro n'kumayendetsabe zinthu, pomwe matrasti a bungwe lachifundo nthawi zambiri salipidwa. Kuipa kwake, msonkho wa kampani mulipira ngati wina aliyense. CIC imathandiza pofunsira thandizo la ndalama ku khonsolo kapena ku National Lottery Community Fund, koma thandizo lotero gulirani mpando, mikeka ndi maphunziro. Musamangirepo mtengo wa tsiku ndi tsiku, chifukwa likatha mudzakweza mtengo pamaso pa anthu omwe munawalonjeza zotchipa. Mpamba woyambira ndi wochepa moti chipereganyu cha anthu ochepa chitha kuukwanitsa.

Musanasindikize chikwangwani, onani kaye mapepala anu. Ngati muli pa Health and Care Worker visa, pali malire okhwima pa ntchito zina zimene mungagwire pambali pa ya abwana amene anakuitanani. Funsani mlangizi wovomerezeka wa za imigireshoni, osati gulu la WhatsApp. Funsaninso khonsolo za chilolezo, pakuti malamulo amasiyana malo ndi malo: ku London masaji amafuna layisensi, ndipo wobaya timasingano nthawi zambiri amayenera kulembetsa ku khonsolo, iye pamodzi ndi malo ake. Inshuwalansi ndi yosakambirana. Kulowa m'kaundula wa CNHC, bungwe lolembetsa opereka chithandizo chonga masaji, si lamulo, koma kumathandiza kuti ogwira ntchito ku GP (kwa dokotala wa m'dera) amene amalozera anthu ku magulu a m'dera akukhulupirireni.

Chinanso ndi pakamwa. Musalembe kuti mumachiza shuga, BP kapena kusabereka. Bungwe la ASA, loyang'anira zotsatsa malonda, limatsata zotsatsa zotere, ndipo kutsatsa kuti mumachiza khansa ndi mlandu pansi pa Cancer Act ya 1939. Nenani zimene masaji amachitadi: amafewetsa minofu yokungika, amapumitsa thupi, munthu amapezako bwino kwa kanthawi.

Aliyense wobwera koyamba adzaze kapepala ka zaumoyo, ndipo muzikawerenga. Amene katumba wa mwendo umodzi watupa, watentha ndipo akupweteka, musamugwire. Atha kukhala magazi oundana, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Amene msana ukumupweteka ndipo wachita dzanzi pakati pa miyendo, kapena mkodzo sakuumva bwino, ameneyo ndi wa ku A&E (kuchipatala kwa odwala mwadzidzidzi) nthawi yomweyo. Pezani holo, yesani Loweruka lililonse kwa miyezi itatu, muzilemba obwera, olipira ndi ojomba. Fomu ya CIC36 mudzaidzaze muli ndi kabuku kameneko m'manja.