Kompyuta yoyamba ya magemu, ndalama zili zochepa

Funso: Akonzi, ndikufuna kulumikiza ndekha kompyuta ya magemu koma m'thumba mwapepuka. Ndiyambire pati?

Yankho: Ndalama zambiri zipite ku graphics card (chipangizo chopanga zithunzi zooneka pa sikirini), chifukwa ndiyo imagwira ntchito yaikulu pa magemu. Purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 5600 ikukwanirani, koma imafuna motherboard (bolodi lolumikizapo zipangizo zonse) ya soketi (polowetsa purosesa) ya AM4, monga B550, ndi RAM (memory yogwirira ntchito) ya mtundu wa DDR4. RAM ya DDR5 silowamo ayi. Gulani ma RAM awiri a 8GB, osati imodzi ya 16GB, poti awiri amathamanga bwino akamagwira limodzi. Dziwaninso kuti 5600 payokha sionetsa chithunzi, ndiye waya wa sikirini mulowetse ku card. Power supply (chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta) yopanda dzina ipeweni, ikapsa imatha kuwononga zipangizo zina. Ya 550W ikwanira card yapakatikati. Timagetsi tokongoletsa tija tidikire kaye.