Musanagule mababu a LED, yambani mwaona galasi, mawaya ndi kumene malaiti aloza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chilenje. Ali ndi Toyota Vitz ya 2008 yochokera ku Japan, ya mababu a H4. Amayi awo akudwala ku Petauke, ndiye Lachisanu akaweruka kuntchito amanyamuka n'kuyenda usiku pa Great East Road. Akuti akangodutsa Chongwe malaiti awo amakhala ngati koloboyi, saona patali. Mnyamata wina wogulitsa zipangizo m'tauni wawauza kuti agule mababu a LED olembedwa 8000K, vuto litha. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndigule? Nanga ndingathe kuika ndekha?"

Achimwene, pepani ndi matenda a amayi. Kuika babu mungathe, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma ndikupemphani, musagule kaye. Galimoto yanuyo siinatuluke ku fakitale ili yakhungu. Kuwala kwake kunatayika pang'onopang'ono, ndipo kochuluka mungakubweze ndi manja anu pa Loweruka limodzi.

Yambani ndi galasi. Timati galasi koma ndi pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate, yopakidwa mankhwala oteteza ku dzuwa. Pakapita zaka, dzuwa la kuno, makamaka la mu October, limadya mankhwalawo ndipo pulasitiki imasanduka yachikasu ndi yambuu. Kuwala kumamwazikira pagalasi pomwepo m'malo mofika pamsewu. Mukaika babu lamphamvu kuseri kwa galasi lotere mwangowonjezera chifunga. Matani tepi kuzungulira laiti kuti musakande penti, ndiye mukwecheni ndi sandipepa wonyowa. Yambani ndi nambala 800, kenako 1500, 2000 mpaka 3000, mukuthira madzi nthawi zonse. Poyamba galasi lidzaoneka loyera ngati mkaka, musachite mantha, lidzawala mukalipukuta ndi polishi. Chimene ambiri amadumpha ndi chomaliza: kupoperapo clear coat yoteteza ku dzuwa. Anyamata ena oyenda m'malo oimika magalimoto amangopukuta, galasi n'kuwala tsiku limenelo, koma pakatha miyezi ingapo chikasu chimabwerera chifukwa pulasitiki yatsala pamtetete.

Chachiwiri ndi magetsi amene akufika pababu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa n'zimene zinandichitikira. Babu la halogen, mtundu umene uli m'galimoto yanuyo, limamva kwambiri kuchepa kwa magetsi. Magetsi akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Galimoto yanga yakale inandizunza chaka chathunthu. Ndinasintha mababu kawiri, osaona kusiyana. Tsiku lina mdala wina wa mawaya ku Matero anandiuza kuti ndilize injini, ndiyatse malaiti. Anaika mita yoyezera magetsi, multimeter, pabatire, inawerenga 14V. Anaiika pa pulagi ya babu, inawerenga 12V yokha. Magetsi enawo ankathera m'mawaya okalamba, pa switch ndi pawaya wa earth amene anali atachita dzimbiri pamene amamangidwa kuchitsulo cha galimoto. Anapala dzimbirilo, n'kuika ma relay awiri, ma switch ang'onoang'ono oyendetsedwa ndi magetsi, ina ya dimu ina ya fulu, kuti magetsi azichoka pabatire kupita pababu molunjika kudzera pawaya wonenepa. Mababu anali omwewo a 60/55W, koma usiku umenewo pa Kafue Road ndinaona ngati ndakwera galimoto ina.

Multimeter yotsika mtengo imakwana pa ntchito imeneyi. Injini ikamalira, batire lizisonyeza pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Ngati pababu pakuchepa ndi kupitirira theka la volt, funani pamene magetsi akutayikira. Mukaganiza zoika ma relay nokha, chotsani kaye waya wa negative pabatire, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni. Waya wopanda fyuzi akakhuzana ndi chitsulo galimoto imayaka moto. Dziwaninso kuti ma Toyota ambiri amayatsa malaiti podula ndi kulumikiza waya wa earth, osati wa positive, choncho yezani musanadule chilichonse. Mukaona kuti zikukusokonezani, pa chimenechi pokha lipirani wa mawaya.

Chachitatu sichifuna ndalama. Madzulo imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera kukhoma. Yezani kutalika kwa pakati pa laiti kuchokera pansi, mulembe mzere pakhomapo pa msinkhu womwewo. Yatsani dimu. Malire a kuwala ndi mdima azikhala pafupifupi masentimita 10 pansi pa mzere wanu, ndipo mbali ya kumanzere izikwera pang'ono. Kukwera kumeneko n'kwadala, kumaunika m'mphepete mwa msewu kumene kumayenda anthu ndi njinga. Ife tili ndi mwayi kuti ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, ndiye malaiti awo amagwirizana ndi misewu yathu. Kuseri kwa laiti kuli tizomangira tokwezera ndi kutsitsira. Maenje a nyengo ya mvula komanso kagundidwe kakang'ono ka bampala zimasokoneza zimenezi, laiti ina n'kumaunika pansi, inzake m'mitengo.

Tsopano za LED zija. Sindidana nayo LED. M'galimoto zimene zinapangidwa nayo imaunika bwino kwambiri. Vuto ndi kuika babu la LED m'nyumba ya laiti imene inapangidwira halogen. Mbale yonyezimira ya kuseri ija, reflector, anaiumba poyang'ana kawaya kakang'ono kamene kamayaka mkati mwa babu, malo ake enieni ndi kukula kwake. Babu la H4 lili ndi timawaya tiwiri, ndipo ka dimu kali ndi kachitsulo kotchinga kuti kuwala kusakwere m'mwamba. Timibulu ta LED tikaphonya malowo ngakhale pang'ono, kuwala kumabalalika. Patsogolo penipeni pa bampala pamayera kwambiri, inu n'kumasangalala, koma maso anu amazolowera kuwala kwapafupiko ndipo patali pamada kuposa kale. Kuwala kwina kumapita m'maso mwa amene mukukumana naye.

Zimenezi zimandikhudza mtima chifukwa msewu wanuwo ndimaudziwa. M'mapiri a Manenekela, musanafike pa mlatho wa Luangwa, msewu ndi wokhotakhota. M'mphepete muli abale athu okankha njinga zodzaza makala, ambiri opanda chonyezimira chilichonse. Mukathobwa m'maso dalaivala wa thiraki kapena wa basi, kwa masekondi angapo iye saona njingayo, ndipo nthawi zina saonanso mzere wogawa msewu pakati pa iye ndi inu.

Nambala ya 8000K ija siikamba za mphamvu, ikukamba za mtundu wa kuwala. Halogen imakhala cha m'ma 3200K, HID ya ku fakitale, mababu a gasi wa xenon, cha m'ma 4300K, 6000K ndi yoyera mbee, ndipo 8000K yayamba kale kupita ku buluu. Kuwala kwa buluu pa phula lonyowa mu January kumaoneka ngati kwamezedwa, komanso m'fumbi kumakubwererani m'maso. Mababu a halogen a 100/90W nawonso asiyeni. Amasungunula pulagi ndi kupsereza reflector, yomwe ikada siibwereranso. Zida za HID zomangira m'nyumba ya halogen zimathobwa anthu koposa zonse, ndipo ballast yake, kabokosi koyatsira babulo, poyatsa imatulutsa magetsi opitirira 20,000V, si chinthu chogwira ndi manja onyowa. Kumbukiraninso kuti pa fitinesi a RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, amaona malaiti.

Mukamaliza zitatu zija, gulani mababu awiri a H4 60/55W enieni, a Osram kapena Philips, m'sitolo yopereka lisiti. Sinthani onse awiri pamodzi, chifukwa babu likamakalamba limazilala lisanapse. Musagwire galasi la babu ndi zala, mafuta a m'manja amalifupikitsa moyo. Ngati mtima uli pa LED ndithu, pemphani wogulitsa kuti muyese kaye pakhoma. Malire a kuwala akasowa kapena kuwala kukakwera pamwamba pa mzere uja, bwezani.

Chinanso, achimwene. Popita kwa odwala sitipita chimanjamanja, ndikudziwa kuti kumbuyo mumanyamula ufa, shuga, mafuta ndi achibale. Vitz ikalemedwa kumbuyo mphuno imadzuka, ndipo ngakhale malaiti olunjikitsidwa bwino amayamba kuunika m'mwamba. Yang'anani pafupi ndi chiwongolero, cha kumanja m'munsi, ngati pali kagudumu kolembedwa 0 mpaka 5. Mukakhala nokha kasiyeni pa 0, mukadzaza katundu katembenuzeni kufika pa 2 kapena 3. Ndipo Lachisanu limene mwatopa kwambiri, gonani ku Chilenje, munyamuke Loweruka mbandakucha. Mukafike bwino, mukawapatse moni amayi.