Kwa achemwali amene mwafunsa koonetsa ana nyama kuno ku Mangochi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga usiku ndipo landikhala pamtima. Mwati mwasamukira kuno chifukwa cha ntchito, miyezi inayi yatha, koma chimene mwaona ndi fumbi, kutentha ndi akabaza basi, ndiye mukufuna kudziwa komwe mungapite ndi ana pa holide kukaona nyama popanda kuononga ndalama zambiri. Anzathu ayankha kale kuti Liwonde, ena akuti Cape Maclear. Sakunama, ndipo ndifikako. Koma ine amene ndinabadwira kuno, mchombo wanga uli cha ku Mpondasi, ndikupemphani kuti musanakwere minibasi iliyonse muyambe kaye mwadzuka m'bandakucha tsiku limodzi, muwagwire anawo padzanja, mukaime pa mlatho wa Bakili Muluzi.

Nthawi yake ndi ija mizikiti yangomaliza kuitana swala ya m'mawa, kunja kukuyera. Pamenepo Shire amakhala ali zii, mabwato a asodzi akubwerera, ndipo mukayang'ana m'mbali mwa bango mudzaona akakowa ataima ngati aikidwa ndi munthu. Mukadekha mudzamva nkhwazi. Kulira kwa nkhwazi sikusokonekera ndi kwa mbalame ina iliyonse: imagadamitsa mutu kumbuyo, kenako inzake n'kuyankha tsidya lina. Anawo muwauze kuti mbalame yomwe akuionayo ndi imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Tsiku la mwayi mudzaonanso makutu a mvuu ali tuu pamwamba pa madzi, ikamize, ikatulukire kwina ikufwenthera. Madzi amene akudutsa pansi pa mapazi anuwo angotuluka kumene m'nyanja ya Malawi, ndipo pang'ono pokha kummwera akukalowa m'nyanja ya Malombe. Tawuni yathuyi inakhala pakhosi pakati pa nyanja ziwiri, n'chifukwa chake zamoyo zam'madzi zimatidutsa pakhomo tsiku ndi tsiku. Vuto ndi lakuti tinazolowera, ndiye tinasiya kuyang'ana.

Mukatsika pamlathopo musathamangire kunyumba. Nsanja ya wotchi ili pafupi pomwepo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tawuni ino inkatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti yaikulu yomwe inachotsedwa pa sitima ya nkhondo ya Guendolen, ija inakaombera sitima ya Ajeremani panyanja pano mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ana a sukulu amaloweza zimenezi kuti akhoze mayeso pamene zinthu zake zili panjira yopita kumsika, ndipo ambiri sanazikhudzepo ndi dzanja. Zimandiwawa ndithu. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum nayo ili chapafupi, mungathe kuyenda wapansi.

Tsopano mawu amodzi amene sindingawasiye, popeza ndinu mlendo ndipo muli ndi ana. Mtsinje uwu uli ndi ng'ona. Musanyengedwe poona amayi akuchapa ndi ana akusambira padooko. Iwo amadziwa malo ake ndi nthawi yake, komabe nawonso amagwidwa. Ndili mwana tinataya mnzathu wa m'kalasi amene anapita kukatunga madzi chakumadzulo, pamalo pomwe ankatungapo masiku onse. Mpaka lero ndikamadutsa pamenepo ndimamva kulira kwa mayi ake. Mwana asatsike kumadzi kukamada kapena m'mamawa, ndipo mvuu mukaipeza pamtunda, makamaka ili ndi mwana, musaime pakati pa iyo ndi madzi. Pamadzi odikha, pomwe pali udzu ndi nkhono, pamakhalanso likodzo.

Ulendo wachiwiri wotsika mtengo ndi wokwera mapiri a Chowe panjira ya ku Namwera. Msewu wake ndi wokhotakhota, koma mukafika pamwamba n'kutembenuka, mudzaona Shire akunyezimira ngati ulusi pakati pa migwalangwa, Malombe ali cha uko. Mphepo yake ndi yozizira, mudzaiwala kuti muli ku Mangochi. Anyani amakhala m'mbali mwa msewu, ndipo chonde musawaponyere nthochi kapena chimanga. Nyani wozolowera kupatsidwa amadzayamba kulanda, mapeto ake amalowa m'minda ya anthu n'kuphedwa.

Za ku Cape Maclear, ife timati ku Chembe. Mukwera za ku Monkey Bay, mutsikira pamphambano musanalowe m'tawunimo, kenako pali makilomita pafupifupi 18 odutsa m'mapiri. Njira yonse kuchokera pa Boma milambe ili mbwee, ina yoti anthu asanu sangaizungulire atagwirana manja. Dera limeneli lili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Chifukwa chake si njovu kapena mikango ayi, koma tinsomba tam'miyala totchedwa mbuna, tamitundumitundu, tina tobiriwira ngati kumwamba, tina tachikasu, timene sitipezeka mwachilengedwe kwina kulikonse kupatula m'nyanja yathuyi. Ku Otter Point madzi ndi oyera mbee, moti mwana atangokhala pamwala n'kuviika mapazi amationa tikumuzungulira. Dzina la malowo likuchokera kwa akatumbu, ngakhale kuti kuwaona pamafunika mwayi. Mukakhala ndi kangachepe, anyamata a maboti amakufikitsani kuchilumba cha Thumbi, amaimba mluzu n'kuponya nsomba m'mwamba, nkhwazi n'kutsika kudzaiwakha pamadzi inu mukuona. Mugwirizane mtengo musanakwere, ndipo muumirire kuti ana avale majekete oyandamitsa. Ikakhala nyengo ya mwera, cha mu Juni mpaka Ogasiti, mverani zimene eni boti akunena za mphepo. Konko kulinso manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875 asanasamukire kumpoto.

Liwonde ndiye ya nyama zikuluzikulu. Paki imeneyi inali itatha ndi misampha ya mawaya, koma chiyambire 2015 pamene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuiyendetsa zinthu zinasintha kwambiri. Anabweretsa akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, ndipo chaka chomwecho nkhalango ya Mangochi inalumikizidwa ku pakiyo. Njovu zinachuluka mpaka mu 2022 anasamutsako 263 kupita ku Kasungu. Kuli zipembere, mphalapala, anakodzwe, njiri zothamanga michira ili m'mwamba, zomwe ana amaseka nazo kwambiri. Kuchokera kuno mungadzere ku Ulongwe kapena kukalowera kugeti la kufupi ndi tawuni ya Liwonde. Amalawi timalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, choncho musaiwale chitupa cha unzika. Chodula kwenikweni ndi galimoto, ndiye gwirizanani mabanja atatu kapena anayi musonkherane. Miyezi yabwino ndi ya chilimwe, Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma, nyama zonse zikutsikira ku Shire kukamwa. Kumatentha koopsa, tengani madzi ambiri.

Njovu zinalinso kuno kwathu, ku Phirilongwe. Zinkalimbana ndi anthu m'minda, anthu kufa, njovu kufa, mpaka mu 2009 anazinyamula 83 kupita nazo ku Majete. Achibale anga a kumeneko anapuma, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa munda wa chaka chonse kutha usiku umodzi si nkhani yamasewera. Koma nkhalangoyo lero ikutha ndi makala, matumba ake ndi omwe mumakumana nawo panjinga m'mawa uliwonse.

Chimodzimodzi chambo. Makolo athu ankati ku Malombe chambo chinkachita kuwola padooko posowa ogula. Lero pitani mukaone pathandala: tinsomba ting'onoting'ono ta kambuzi tokhatokha. Makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale maneti a udzudzu, anakokolola ana a nsomba pamodzi ndi udzu wapansi pomwe chambo chimaswanirana. Mukapita ndi ana kumsika wa nsomba, muwaonetse kusiyana kwa chambo, mcheni, kampango, utaka ndi usipa, muwafunse amayi ogulitsawo, amakonda kufotokoza. Koma nyanja ikatsekedwa cha mu Novembala, nthawi imene chambo chimasunga ana m'kamwa, wina akakubweretserani kasawala, ana a chambo, pakhomo mobisa, mukaneni ngakhale atatsitsa mtengo chotani.

Loweruka likubwerali ine ndikhala pamlatho cha m'ma 5 koloko ndi adzukulu anga awiri, monga timachitira. Ngati mungathe kudzuka, bwerani ndi anawo, muwaveke majuzi opepuka chifukwa pamtsinje m'mawa pamazizira. Ndikakuonetsani mtengo umene nkhwazi zimakonda kuterapo.