Kodi ndinalakwa kumuchotsa pa gulupu? Yankho langa kwa achimwene a ku Chamama

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chamama, dzina sinditchula chifukwa anandipempha okha. Iwowa ndi adimini wa gulupu ya WhatsApp ya anthu a kwawoko, ena ali kumudzi konko, ena pa boma pano, ena ku Lilongwe, ena ku Joni. Nkhani yawo mwachidule ili chonchi. Mnyamata wina anaponya pa gulupu chithunzi cha mtsikana wa pa tredingi pomwepo nkulemba kuti ameneyu ndi wakuba komanso akugawa matenda, amuna chenjerani. Achimwenewa anafufuta chithunzicho, mnyamata uja nkubwezanso, ndiye anangomuchotsa. Pano theka la gulupu likuwanena kuti ndi Kamuzu wachiwiri, akupondereza ufulu wolankhula. Ndiye ngati izi sizikukwana, sabata yomweyo munthu wina wa pafupi ndi akhansala anawaimbira foni kuti poti mwayamba kufufuta, fufutaninso zonse zomwe anthu akulemba za mjigo womwe unalonjezedwa koma sunakumbidwe. Funso lawo ndi loti, ndinalakwa? Nanga za mjigozi ndifufutenso kuti ndisaoneke wokondera?

Achimwene, simunalakwe. Ndipo za mjigozo musayerekeze kuzikhudza, olo komenti imodzi.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti kumeneko nde kukonderako, koma ayi, ndiloleni ndifotokoze ndipo ndiyambira patali pang'ono chifukwa anthu amene akukutchulani Kamuzuwo ambiri anabadwa 1994 itadutsa, dzinalo amangoliponya ngati mwala osadziwa kulemera kwake. Ife a ku Kasungu kuno nkhani imeneyi ndi ya pakhomo, mwini wakeyo anali wa konkuno, nyumba yake ya Nguru ya Nawambe timaiona, sukulu yake ili pa Mtunthama apo. Ine ndinakula ndikuona bambo anga akafuna kunena za mtengo wa fodya kapena za kadi ya chipani amayamba asuzumira panja kaye kenako nkutsitsa mawu, mnyumba mwawo momwe, kulankhula ndi mkazi wawo yemwe. Kadi ija ukapanda kukhala nayo ayufi amakubweza pa geti ya msika, basi sukwera. Mabuku, nyimbo, magazini, zonse zimadutsa kaye ku bodi yoona zoti anthu awerenge kapena ayi, lamulo lake linali la 1968. Ndipo kukhala wa ku Kasungu sikunali chitetezo. A Aaron Gadama anali mwana wa kuno, nduna yathunthu, koma mu May 1983 anaphedwa ku Mwanza limodzi ndi a Dick Matenje, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, dziko nkuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Anthu amadziwa mumtima kuti si ngozi koma palibe amatsegula pakamwa.

Ndiye pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma nkuwerengedwa m'matchalitchi, mwezi wotsatira a Chakufwa Chihana nkumangidwa akungotsika ndege, kenako riferendamu ya pa 14 June 1993 ya nyali (zipani zambiri) ndi tambala wakuda (chipani chimodzi), chomwe anthu amafuna chinali choti munthu wamba athe kuuza wamkulu kuti bwana apa mwalakwa, nkukagona kunyumba kwake bwinobwino. Tinene zoona, kuno ku chigawo chapakati ambiri anavotera tambala, koma ufulu utabwera tonse tinaudya limodzi. Unalembedwa mu malamulo aakulu a dziko a 1994, gawo 35, kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wofotokoza maganizo ake. Ufulu umenewu ine ndimaukonda ndi mtima wanga onse ndipo sindifuna munthu aziuseweretsa.

Tsono taonani nkhani zanu ziwirizo. Ya mjigo, anthu akulankhula kwa munthu amene anapempha mavoti awo, amene ali ndi mpando, amene akhoza kuyankha pa gulupu pomwepo kapena kuitanitsa msonkhano kapena kupita pa wailesi. Ndalama zake ndi za boma, kutanthauza kuti ndi zathu. Amayi amene akudzuka 4 koloko kukatunga madzi kudambo ndi amene akulemba zimenezo, wamva mmimba ndiye atsekula chitseko. Olo atalemba mokalipa, olo Chichewa chake chikhale chokhadzula, zisiyeni. Akhansala ngati akuona kuti akunamiziridwa abwere ndi mapepala aonetse kuti ndalama inapita uku. Pali ngakhale lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lomwe linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndiye anthu anuwo ali ndi mphamvu yofunsa ku khonsolo kuti za mjigo wathu zili pati. Mukafufuta zimenezi chifukwa wina wakuimbirani foni, apo nde dzina akukupatsani lija likukhalani.

Ya mtsikanayo ndi ina. Iyeyu sanapemphe voti ya munthu, alibe mpando, mwina olo foni ya WhatsApp alibe, pa gulupu panupo palibepo kuti adziyankhire. Anthu mahandiredi aona nkhope yake ndi mawu oti wakuba, wa matenda, ena asunga kale chithunzicho, ena atumiza ku magulupu ena a ku Nkhamenya ndi ku Santhe komwe simungakafike kukafufuta. Mawa akapita kuchigayo anthu azinong'onezana, akafuna ganyu amukana, mwamuna amene amafuna kudzafunsira abwerera panjira. Ndipo umboni wake uli kuti? Palibe, ndi mawu a mnyamata mmodzi amene mwina anakanidwa chibwenzi, zimachitika kwambiri zimenezi ndipo tonse tikudziwa. Amene anamangidwa ndi kufa kuti tizilankhula sanafere zimenezi ayi.

Kwathu kuno kulankhula momasuka sikunabwere ndi foni. Pabwalo la amfumu munthu amalankhula mpaka kukhosi kuyere, koma woimbidwa mlanduyo amakhala pompo, ankhoswe ake ali pambali, mboni zimaitanidwa, ndipo ukayamba kutukwana anyakwawa amakukhazika pansi. Palibe amati anyakwawa apondereza ufulu. Gulupu ya WhatsApp ndi bwalo lomwe woimbidwa mlandu saitanidwa, chigamulo chimaperekedwa mu mphindi 5 ndi anthu oti ena ali ku Johannesburg sanamuonepo nkomwe, ndipo bwaloli silibalalika, nkhani imakhalabe mu foni zaka ndi zaka. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma masiku ano mlomo wako ukutsata mnzako osalakwa. Inuyo adimini ndinu nyakwawa wa bwalo limenelo, kaya munafuna kaya simunafune.

Pali china chomwe anthu ambiri sadziwa cha mmene zinthuzi zinapangidwira. Facebook simakuonetsa zinthu mwa ndondomeko yoti uyu analemba koyamba, imasankha zomwe ikuona kuti zikugwira mtima kuti ukhalitsepo, chifukwa ukakhalitsa umaona malonda ambiri ndipo iwo ndalama yawo ili pamenepo. Mu 2021 mayi wina amene amagwira ntchito konko, Frances Haugen, anatulutsa zikalata za mkati, ndipo zinadziwika kuti panali nthawi yomwe kankhope kokwiya kaja amakawerengera ka 5 kuposa layiki wamba. Ndiye positi yokwiyitsa anthu imathamanga, yofotokoza zoona modekha imatsalira. Ku Myanmar kampaniyi inavomera yokha mu 2018 kuti sinachite zokwanira kuletsa mauthenga a chidani omwe amakolezera nkhanza kwa anthu a mtundu wa Rohingya. WhatsApp ilibe makina osankhawo koma vuto lake ndi lina, uthenga umabwera kuchokera kwa alamu ako, kwa a mpingo anzako, anthu oti umawakhulupirira, ndiye sufunsa. Ku India mu 2018 anthu anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa cha mauthenga abodza oti kukubwera oba ana, mpaka eni ake a WhatsApp anachepetsa kuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulupu 5 okha nthawi imodzi. Timivi tiwiri mumationa pamwamba pa uthenga tija ndi chizindikiro choti chinthuchi chadutsa mmanja mwambiri, mwini wake sakudziwikanso.

Koma sitikufunika kupita ku India. Za anamapopa mwaiwala? Mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera, mu 2020 zinafika kuno ku Kasungu ndi kwa anzathu ku Mchinji, anthu kugona panja, misewu kutsekedwa ndi mitengo, mlendo aliyense kukhala mdani. Mphekesera ya anamapopa ndi yakale, inalipo foni zisanabwere, koma kale imayenda pa njinga, pano voisi noti imodzi ya mayi akulira imafika boma lonse tambala asanalire. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi m'bale wanga amene amayenda m'midzi pa ntchito ya zaumoyo atanyamula kachikwama ka zipangizo, tinamuletsa kupita kuntchito masabata angapo chifukwa cha mantha, ndipo mpaka lero ndikaona munthu akufowada chinthu nkulemba kuti ndangolandira inenso, mtima wanga umawawa. Kungolandirako sikukuchotsera mlandu, dzanja lomwe latumiza ndi lako.

Apa ndisanamizire ngati mafoniwa ndi oipa okhaokha, ayi ndithu. Mu 2019 mapepala a zotsatira za chisankho opakidwa tipeksi aja anthu wamba anawaona pa foni zawo, ndipo pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankhocho. Mu January 2021 Covid itavuta, a Onjezani Kenani anayambitsa pa Facebook ntchito yosonkha ndalama zogulira zipangizo za oksijeni m'zipatala, anthu anasonkha ndipo miyoyo inapulumuka. Namondwe Freddy mu 2023 chimodzimodzi. Kuno kwathu njovu 263 zitabweretsedwa ku paki ya Kasungu kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu a m'mphepete mwa paki amene minda yawo imadyedwa ndi abale awo kuphedwa akanamveka bwanji pakanapanda zithunzi za pa foni? Mlimi ali ku Chinkhoma amadziwitsa anzake mmene mitengo ya fodya ikuyendera tsiku lomwelo. Zonsezi sindingalole kuti zitayike.

Nchifukwa chake pali chinthu chimodzi mu imelo yanu chomwe sindinagwirizane nacho, pomwe munati mwina boma lingotseka zinthuzi kapena apolisi azimanga aliyense wolemba zopusa. Achimwene, pamenepo pokha ayi. Anzathu a ku Zambia tsiku lovota mu August 2021 anadzuka WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa, ku Uganda mu January chaka chomwecho anazimitsa intaneti yonse nthawi ya chisankho. Boma likapatsidwa kiyi ameneyo silitsekera kuteteza mtsikana wa pa tredingi, limatseka pomwe anthu ayamba kufunsa za mjigo. Kuno tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, lili ndi magawo oletsa kuzunza munthu pa intaneti ndipo mtsikanayo atafuna akhoza kukadandaula nalo kupolisi, ndi ufulu wake. Koma taonani amene akhala akumangidwa nalo kawirikawiri, ndi atolankhani ndi anthu amene alemba zokhudza akuluakulu. Nyumba ya malamulo inachotsa milandu ya kuukira boma ndi pakamwa mu 2022, ndipo mu 2025 khoti linagamula kuti kumanga munthu pa mlandu woipitsa mbiri ya wina nkosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, woipitsidwa mbiriyo akasume yekha kuti alipidwe. Ine ndinasangalala nazo zimenezo. Koma zikutanthauza kuti ntchito yambiri yatsala mmanja mwa anthu ngati inu ndi ine, osati mwa wapolisi.

Komanso dziwani kuti inu si boma. Simunamumange mnyamatayo, simunamulande foni, akhoza kukatsegula gulupu yake lero lomwe nkumalemba zomwe akufuna. Mwangomuuza kuti pakhomo pano izi ayi.

Chomwe ndingakupempheni ndi choti musachite zinthu mwakachetechete, chifukwa kufufuta osafotokoza nkomwe kumabala mphekesera zoti adimini wadya za wina. Lembani pa gulupu poyera, mawu ochepa, kuti pano aliyense ali ndi ufulu wodzudzula khansala, phungu, amfumu, komiti ya sukulu, ngakhale ineyo adimini, ndipo sindidzafufuta. Koma chithunzi cha munthu wamba ndi mlandu wopanda umboni, za matenda a munthu, zithunzi za ana, ndi mauthenga oti tiyeni tikamuonetse, izi ndizichotsa nthawi yomweyo ndipo ndizinena kuti ndachotsa chifukwa chakuti. Pezani anthu ena awiri akhale ma adimini anzanu, mmodzi akhale mayi, chifukwa zinthu ngati za mtsikanayu amayi amaziona msanga kuposa ife abambo. Mnyamatayo muimbireni, osati pa gulupu, mumve mbali yake, ngati anaberedwadi njira ya kwa amfumu ndi ya kupolisi akuidziwa. Akavomera kupepesa pa gulupu pomwe analakwirapo, mubwezereni, si mdani wanu ndi mwana wa kwanu komweko.

Ndipo ngati mungathe, pitani kwa makolo a mtsikanayo kapena tumani munthu wamkulu, akamve kuti si mudzi onse umene unagwirizana nazo. Mu imelo yanu yonse munafotokoza za gulupu, za akhansala, za mayina omwe akukutchulani, koma simunandiuze kuti iyeyo ali bwanji. Mukandilemberanso muyambire pamenepo, kenako mundiuze ngati mjigo uja wakumbidwa.