Za inshulansi ya anthu amene madzi awagwetsera nyumba

Achemwali, pepani kwambiri ndi zomwe zawagwera amayi ku Golomoti. Mwafunsa ngati boma lili ndi inshulansi yolipirira kuchipatala anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira. Ine ndiyankha za chipatala zokha, za chimanga ndi matenti ayankhe ena.

Inshulansi yotere kuno kwathu kulibe. Chomwe chilipo n'choti kuchipatala cha boma salipiritsa, kaya munthu wagweredwa ngozi kaya ayi. Amene akukuuzani za MASM, inshulansi ya zachipatala yomwe si ya boma, akukutayitsani nthawi, imeneyo ndi ya anthu osonkha mwezi ndi mwezi, ambiri apantchito. Ndipo wina akafika pamsasa n'kumati perekani kangachepe tikulembeni pa inshulansi ya DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), ameneyo ndi wakuba. Kulembetsa kuti mulandire thandizo kudzera kwa amfumu ndi komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi n'kwaulere.

Pomwe ndikuchenjezeni kwambiri ndi pa zipatala za mishoni. Amasamala bwino, sindikana, koma amalipiritsa. Mgwirizano wa CHAM (bungwe la zipatala za mishoni) ndi boma nthawi zambiri umathandiza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, osati aliyense. Malume anga khoma litawagwera pamwendo dzinja lina, tinathamangira ku chipatala china cha mishoni poganiza kuti anthu angozi sawalipiritsa. Kusoka bala, majakisoni ndi kugonekedwa, bilu inafika cha m'ma K60,000. Inapita mbuzi yomwe inapulumuka pamadzipo, pamtengo wolira, chifukwa mavenda akadziwa kuti muli pamoto sakumverani chisoni.

Amayiwo atengereni kaye ku chipatala chaching'ono cha boma, zikakula adzawalembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Dedza boma. Koma musapite chimanjamanja. Mankhwala amatha, amangokulemberani kuti mukagule ku famase, ndipo akabaza a njinga zamoto msewu ukachita matope amakweza mtengo momwe afunira. Mukhale ndi K20,000 kapena K30,000 yapadera.

Buku lawo la kuchipatala ngati linanyowa musalitaye, liyanikeni pamthunzi tsamba ndi tsamba. Ngati amamwa mankhwala a BP, shuga kapena ma ARV ndipo anapita ndi madzi, asadikire tsiku lomwe anawalembera, apite mawa lomwe akafotokoze.

Komanso pemphani kolorini kwa alangizi a zaumoyo, muzithira m'madzi akumwa ngakhale a pamjigo. Zimbudzi zikagwa ndi mvula kolera sachedwa, tonse tinaona mu 2022 ndi 2023.