Anandichotsa ntchito nditapita kukadwazika amayi aang'ono, komishoni yanganso akukana

Imelo ya sabata ino yachokera ku South Bend, Indiana, ku America. Achemwali athu ena amagulitsa mipando pasitolo ina yaikulu kumeneko, zaka zitatu, malipiro ambiri ndi a komishoni. Amayi awo aang'ono anadwala sitiroko ku Zomba, iwo anauza bwana n'kupita kukadwazika masabata asanu. Pobwera anapeza ntchito yatha, a HR (ofesi yoona za antchito pakampanipo) akuti lamulo la tchuthi siliwerengera azakhali kapena ang'ono ake a mayi, komanso komishoni ya masofa omwe anagulitsa asananyamuke sapereka poti katunduyo anafika kwa makasitomala iwo kulibe. Awapatsa pepala loti asaine alandire ndalama za masabata awiri. Funso lawo ndi lakuti, kodi ndisaine ndingozisiya?

Asisi, pepala limenelo musasaine kaye. Nthawi zambiri mkati mwake mumakhala mawu oti mwavomera kusawasumira pa chilichonse, ndiye mukangoika siginecha mwagulitsa mlandu wanu wonse pa ndalama za masabata awiri basi.

Lamulo lomwe a HR akunena ndi Family and Medical Leave Act, anthu amangoti FMLA, linakhazikitsidwa mu 1993 nthawi ya Bill Clinton. Limapatsa wantchito masabata 12 pachaka, osalipidwa, koma ntchito yako imakudikira. Kuti likukhudzeni muyenera kuti mwagwira pamalopo miyezi 12, maola 1,250 m'chaka chomwe chapitachi, komanso kampaniyo ikhale ndi antchito 50 kapena kuposa mkati mwa mamailosi 75 kuchoka pomwe mumagwira. Zaka zitatu pasitolo yaikulu, ndikuona ngati apa mwadutsa.

Tsono pa amayi aang'onowa ndi pomwe pali nkhani. Zoona lamuloli limatchula mwamuna kapena mkazi wako, mwana ndi kholo, apongozi mulibe, achimwene mulibe. Koma kholo m'lamulo lomweli si wokubereka yekha ayi, ndi aliyense amene anaima m'malo mwa kholo uli mwana, kukudyetsa, kukulipirira fizi, kukupititsa kuchipatala. Inu mwalemba kuti amayi anu anamwalira muli sitandade 2 ndipo anakutengani ndi ang'ono awowa mpaka munamaliza fomu 4, ndiye awa pamaso pa FMLA ndi mayi anu, olo palibe pepala la kukhoti loti anakutengani mwalamulo. A HR ambiri amangowerenga mzere woyamba uja n'kutseka faelo, sadziwa kuti kwathu ana ambirimbiri amaleredwa ndi agogo, azakhali, amalume. Ndipo zoti wodwalayo ali ku Malawi si vuto, kalata ya dokotala wakunja amailandira, kungoti ikakhala m'chinenero china angakuuzeni muimasulire.

Chomwe chingakuvuteni ndi umboni woti munawauza bwino. Matenda adzidzidzi ngati sitiroko safuna notisi ya masiku 30, koma umayenera kudziwitsa msanga komanso kufotokoza zokwanira kuti abwana adziwe kuti ndi matenda aakulu a kholo. Ndiye fufuzani mufoni, meseji ija munatumizira manijala muli pa eyapoti, zomwe anayankha, ma imelo, tikiti ya ndege, kabuku ka kuchipatala ka amayi. Jambulani zonse musunge pa imelo yanu osati ya kuntchito. Lembaninso kalata yachidule yofotokoza mmene anakulererani.

Akakuuzani kuti ku Indiana bwana atha kuchotsa munthu nthawi iliyonse popanda chifukwa, eya ndi zoona, koma sangakuchotse chifukwa chotenga tchuthi chomwe lamulo lakupatsa. Dandaulo mukapereke ku Wage and Hour Division ya US Department of Labor (unduna wa za ntchito ku America), n'zaulere, kapena musume kukhoti pasanathe zaka ziwiri, zitatu ngati anachita dala. Mukawina mutha kubwezeredwa ntchito, malipiro omwe mwataya, kawirikawiri kuphatikizapo ena ofanana nawo, ndipo kampani ndiyo imalipira loya wanu, n'chifukwa chake maloya ambiri a za ntchito milandu yotere amaitenga osafuna ndalama poyamba.

Komishoni ndi mlandu wina pawokha, FMLA siikhudza zimenezo. Apa chimagwira ntchito ndi mgwirizano womwe munasaina polowa ntchito pamodzi ndi malamulo a boma la Indiana. Werengani pomwe akunena kuti komishoni imakhala yanu liti, kasitomala akasaina, akalipira, kapena katundu akafika pakhomo. Ngati palibe cholembedwa onani mapeyisilipi akale mmene ankachitira mukapita kuholide. Ku Indiana wochotsedwa ntchito amayamba wakasiya dandaulo la malipiro ku Indiana Department of Labor asanapite kukhoti, ndiye tengani manambala a maoda onse aja mukalembe limodzi limodzi ndi ndalama zake.

Za unemployment, ndalama zomwe boma limathandiza nazo anthu amene ntchito yawathera, lembetsani sabata ino yomwe, musadikire kuti milanduyi ithe kaye.